Zitolokosi Zomwe Sitinamange

Chaka chomwe boma linakhazikitsa thumba la ndalama zokonzera ndende, ine ndinali mkulu wa ndende ya m'tauni mwathu, nditatsala ndi zaka zinayi kuti ndipume pa ntchito. Kalata ya ku likulu inati ndende iliyonse ikhoza kupempha thandizoli, bola isonyeze ndi manambala komwe ndalama zake zimathera ndi chomwe ingasinthe. Ine sindinaonepo chovuta. Ndende yathu anaimangira anthu mazana atatu, koma tinkasunga mazana asanu ndi awiri. Akaidi ankagona mopanikizana moti wofuna kutembenuka ankayamba wapempha anzake. Ndinkafuna nyumba yatsopano ya zitolokosi, ndipo ndisabise, ndinkaona kale dzina langa litazokotedwa pakhoma pake.

Ntchito yolemba pempholo ndinaipereka kwa kalaliki wathu wa mafayilo, mayi wamfupi, wa mandala okhuthala, omwe tonse tinkawatchula kuti Mayi Kaundula. Anali atatha zaka makumi awiri m'kaofesi ka pafupi ndi geti, momwe munali makabati atatu achitsulo ndi kompyuta yakale yomwe ankaigogoda ndi zala ziwiri. Asilikali ankaseka kuti mayiwa ukawapatsa moni amalemba tsiku ndi nthawi yake.

Patatha milungu itatu analowa mu ofesi yanga atakumbatira makope.

"Bwana, ndabwera nalo pempho lija, koma si la nyumba."

"Nanga ndi la chiyani, mayi?"

"Mundilole ndikhale kaye. Miyendoyi si ya mtsikana."

Anatsegula makopewo. Kwa zaka zisanu ndi zinayi, popanda wowatuma, ankalemba za munthu aliyense wolowa pa geti: tsiku lomwe wabwera, mlandu wake, tsiku loitanidwa ku khoti, ngati wapita, ndipo ngati sanapite, chifukwa chake.

"Mwa anthu onse tili nawowa, mazana atatu sanaweruzidwe, akungodikira," anatero. "Pafupifupi theka la amenewa milandu yawo ndi yaing'ono: foni, njinga, ndewu za kumowa. Tsono taonani apa. Pa maulendo khumi alionse opita ku khoti, anayi okha ndi omwe amatheka. Pena galimoto yafa, pena fayilo yasowa, pena mboni sinauzidwe. Munthu akaphonya tsiku lake amamupatsa lina miyezi itatu kutsogolo, ndipo miyezi yonseyo timamudyetsa, timamulondera, akadwala timamugulira mankhwala. Mukamanga nyumba idzadzaza pasanathe zaka ziwiri, chifukwa anthu akulowa pa khomo lalikulu nkumatulukira pa kabowo."

Chomwe ankapempha chinali galimoto imodzi, anthu awiri odziwa malamulo oti azilondola mafayilo ndi kuthandiza akaidi kupempha belo, kompyuta yolumikizana ndi ya ku khoti, komanso kukonza chipinda chomwe tinkaunjikamo matiresi akale kuti woweruza azimveramo milandu yaing'ono kamodzi pa sabata. Zonsezi sizinkafika ndi theka lomwe la mtengo wa nyumba yanga ija.

Ndisanayankhe, anavula mandala nkuwapukuta.

"Pali chinanso, bwana. M'mawa uno ndinali ku khoti kufananiza kope langa ndi buku lawo. Tili ndi telala wina m'chitolokosi chachitatu, yemwe ankamuganizira kuti anagulitsa nsalu za kasitomala. Khoti linathetsa mlandu wake miyezi isanu yapitayo. Kalata yomumasula inafika kuno, ndipo amene anasayinira kuti yalandiridwa ndi inu."

Ndinakoka dirowa ya desiki yanga. Pansi pa mafomu a tchuthi cha asilikali panali envulopu ya khaki yosatsegula. Ndinaitsegula: inali kalata ija.

Telalayo tinamuitana masana omwewo. Anali bambo wowonda, wa zala zitalizitali, ndipo anaima atapinda manja kumbuyo monga tinawazolowezera akaidi onse. Nditamuuza kuti ndi mfulu anangogwedeza mutu.

"Mlandu watha liti, bwana?"

Ndinayang'ana Mayi Kaundula. Iwo anali kuyang'ana ine.

"Unatha kale, bambo. Miyezi isanu yapitayo. Kalata inagona m'dirowa mwanga. Wolakwa ndine."

Telalayo anati, "Mwana wanga wamkazi anakwatiwa mwezi wathawu. Diresi ndinati ndidzasoka ndine." Mayi Kaundula anamuperekeza mpaka pa geti, nkumulembera pa kapepala ofesi yomwe angakadandaule za masiku ake otayikawo, ine ndikuona.

Mawa lake ndinawerenga pempho lonse. Pa tsamba la khumi ndi chimodzi panali mndandanda wa zochedwetsa ndi omwe anazichititsa, ndipo nkhani ya telala, yomwe mayiwo anali atangoiwonjezera, inali poyamba. Ndinatsikira ku kaofesi kawo.

"Mayi, tsamba ili lichoke. Munthu watuluka kale. Mukufuna a ku likulu andidye wamoyo?"

"Bwana, ndakugwirirani ntchito zaka zonsezi, ndipo sindikufunirani choipa. Komatu m'mndandandamu muli zolakwa za khoti, za apolisi, ngakhale zanga ziwiri, onani mzere wachinayi ndi wachisanu ndi chimodzi. Ndikachotsa chanu chokha, manambala onsewa asanduka miseche. Mukafuna chotsani nokha, pempho ndi lanu. Koma pamenepo muchotsenso dzina langa."

Analankhula motsitsa mawu, manja ali pamiyendo. Madzulo ndinawadandaulira mayi a kunyumba kuti kalaliki akufuna kundivula pagulu. Iwo anapitiriza kusita malaya anga a yunifolomu nkuti, "Akuvulani ndi kalaliki, kapena ndi envulopu? Paja inu ngakhale kalata za sukulu ya ana mumatsegula teremu itatha."

Tsambalo linatsala.

Patapita miyezi iwiri anatiitana ku likulu. Komiti inali ya anthu asanu, ndipo wapampando anali mayi wa imvi yemwe anali atakhalapo woweruza. Ndende zina zinabwera ndi mapulani a nyumba ojambulidwa mokongola. Ife tinali ndi mapepala makumi awiri ndi chikwama cha makope. Wapampando anapita molunjika pa tsamba lija.

"Mkulu wa ndende wotchulidwa apayu ndi ndani?"

"Ndine, mayi."

"Ndipo mwalola kuti zilembedwe?"

"Sindinalole msanga," ndinatero. "Anandikakamiza ndi awa."

Ena anaseka, koma wapampando sanaseke. Anatembenukira kwa Mayi Kaundula nkuwafunsa mafunso kwa ola lathunthu. Anasankha masiku mwachisawawa, nkumati, "Tsiku ili anapita ku khoti angati?" Mayiwo ankanyowetsa chala, kutsegula kope, nkuyankha. Pomwe sankadziwa ankanena kuti, "Pamenepo sindinalembe, ndinali ku maliro a mchimwene wanga."

Thandizo tinalandira. Ine ndinalandiranso kalata yondichenjeza, yomwe inalowa mu fayilo yanga, ndipo inali yondiyenera.

Ntchito sinayende myaa. Galimoto inachedwa miyezi inayi. Woweruza woyamba anakana kukhala m'chipinda chomwe chinkanunkhabe matiresi, mpaka tinachipakanso penti kawiri. Koma Lachinayi lililonse khoti linayamba kukhala mkati mwa mpanda wathu, ndipo Lolemba lililonse Mayi Kaundula ankamata pa chitseko changa pepala la mayina a anthu omwe adikira kupitirira masiku makumi asanu ndi anayi. Pepalalo ndinkaliopa kuposa bwana wanga wa ku likulu. Pomatha chaka ndi theka tinatsala ndi akaidi mazana anayi ndi makumi atatu. Ndalama zomwe zinkathera pa kusunga anthu odikira tinalembera namwino wachiwiri ndi kukonza mipope ya m'mabafa. Chifuwa ndi mphere zinachepa.

A ku likulu anafuna kuwatenga mayiwa kuti azikaphunzitsa makalaliki a ndende zina. Anavomera masiku awiri okha pa mwezi, ati masiku otsalawo ali ndi anthu awo owadikira. Tsiku lomwe ankanyamuka ulendo woyamba, dalaivala atalizitsa kale injini, mayiwo anatsika nkubwerera ku ofesi yanga.

"Bwana, pali mayi wina ku chigawo cha azimayi, wa mwana wa m'manja. Belo anapatsidwa, koma mchemwali wake woti amusayinire sakudziwa kuti akufunika. Nambala yake ndi iyi. Muimbe lero, musadikire kuti ndibwere."

Ndinaimba iwo asanatuluke pa geti. Mchemwaliyo anafika ndi basi ya masana.