Nsalu ya Chipani pa Bokosi la Macdonald

Miracle anayala nsaluyo pabedi, mbali imene Macdonald ankagona, n'kuisalaza ndi chikhatho. Nkhope ya a Thundulo, mmodzi mwa ofuna upulezidenti kumudzi ku Malawi, inadzaza nsalu yonse, ikumwetulira denga la malata.

Consolata anaima pakhomo la mkhukhu, kanyumba kawo ka malata, mwana wake Takondwa ali kumsana. Panja azimayi a mpingo ankaimba motsitsa pamipando yobwereka, fumbi la Ivory Park likugwera m'makapu mwawo. Mwamuna wake, Macdonald, anali mufiriji ku motchale kuyambira Lachiwiri, tsiku limene anamuwombera ku Doornfontein akukweza katundu wa anthu muthirela.

"Zonse n'zathu, mayi," anatero Miracle, woyendetsa za chipanicho kuno ku Joni. Suti yake inkanyezimira ngakhale mumdima wa m'chipindamo. "Bokosi, mapepala, ndege. Ndege, osati msewu. Inu chanu n'chochepa: nsalu iyi pabokosi, ndiye kavidiyo kakafupi. 'Asanamwalire, amuna anga anati voti yawo ndi ya a Thundulo.' Basi, shapu."

"Sananene zimenezo."

"Eish, alamu," anatero Chikondwero, mng'ono wake wa malemu, atakhala pachigubu cha madzi. "Ndani akawafunse?"

Miracle anamwetulira ngati wauzidwa nthabwala yabwino.

"Mwina simukudziwa kulemera kwa amuna anu. Zaka zonsezi, m'Malawi akafera muno, ankamutengera kwawo ndani? Ku Phalombe, ku Mulanje, ku Chiradzulu, ndi mudzi uti umene kagalimoto kawo ka baki sikanaimepo ndi maliro? Kumeneko dzina la Macdonald salitchula ataimirira. Tsono anzathu a chipani chinacho atenga abusa. Gulu la abusa litangokweza dzanja la munthu wawo, mphepo yatembenuka kummwera konse. Ife tinali ndi woimba wina, tinamugulira mpaka galimoto. Sabata yatha watithawira komweko." Anagogoda nsaluyo ndi chala. "Amoyo amasinthasintha, mayi. Wakufa sabweza mawu."

Consolata anakodola Chikondwero. Anatuluka, n'kukaima kuseri, pakati pa mkhukhu wawo ndi wa oyandikana nawo, pamene madzi otsukira mbale ankayenderera pansi.

"Alamu, ganizani," anayamba Chikondwero. "Motchale ikudya tsiku lililonse. Mukufuna achimwene aikidwe konkuno, pakati pa anthu osawadziwa? Munthu amene anatula anzake onse kwawo?"

"Ndege ikatera, ife tidzalira, tidzabwerera ku Joni," anatero Consolata. "Amayi anu atsala m'mudzi ndi kavidiyoko. Theka la mudzi ndi la chipani chinacho. Nyumba yawo ndi yofolera ndi udzu. Mwaiwala?"

"Aaa, inunso. Masiku ano sawotcha."

"Mwalonjezedwa chiyani inu?"

Chikondwero anayang'ana nsapato zake. "Anangoti akawina, ntchito zonyamula katundu zidzakhalapo. Mara si chifukwa chake."

Atabwerera mkati anapeza Miracle ataimika kale foni pamwamba pa kabati, akuyang'ana kumene kuwala kukuchokera. Anati Consolata akhale pabedi, mwana amufungatire, duku lisatseke maso. Misozi ikabwera asaibweze, imathandiza.

"Akanakhala moyo akanavomera," anapitiriza, akukonza foniyo. "Anangokhala munthu wouma khosi. Lachiwiri lomwelo ndinawauza kuti, achimwene, nkhani izi sizifuna kuumirira."

Nyimbo ya panja inali itafika pothera. Panamveka wailesi ya munthu wina kutali, ndi hutala ya takisi.

"Lachiwiri?" anafunsa Consolata.

"M'mawa. Tinangokumana."

"Kuti?"

"M'tauni." Miracle anapukuta galasi la foni ndi tayi. "Ku Doornfontein amayendako aliyense, mayi."

Consolata anamva Takondwa akulemera kumsana. Onse ankati anamuwombera ndi matsotsi, mbava za mumsewu. Koma katundu wa malemu atabwera kuchokera ku motchale m'pepala lapulasitiki, foni inalimo, chikwama chinalimo, wotchi inalimo. Anali atadabwa nazo osauza munthu. Anayang'ana Chikondwero. Iyenso analipo potsegula pepalalo, ndipo tsopano anathawitsa maso.

Consolata anapita pabedi. Anapinda nsaluyo, nkhope ya a Thundulo mkati, anapindanso, anapindanso mpaka inasanduka kamtolo. Anaipereka ndi manja awiri, atanyonyomala pang'ono monga amachitira kwa mlendo.

"Zikomo potipepesa. Pitani nayo."

Miracle sanailandire msanga. Anayamba watsitsa foni pakabati, n'kuiika m'thumba la mkati.

"Pamiti yanu inatha liti, mayi? Madamu amene mumawagwirira ntchito ku Rosebank akudziwa?" Mawu ake anali ofewa ngati a mlangizi wa mpingo. "Ndikungodandaula nanu. Ndiye msewu uja ndi wautali. Beitbridge, Nyamapanda, Tete. Kumatentha, ndipo malo ena kulibe anthu."

Anaweramira Takondwa, n'kumugwira tsaya ndi chala. Mwanayo anabisa nkhope. Potuluka anapatsa moni azimayi a mpingo mmodzimmodzi, osadumpha ndi mmodzi yemwe.

Chikondwero anali atakhalanso pachigubu paja. Kenako anadzuka, n'kutsomphola makiyi a baki pamsomali wa kuseri kwa chitseko.

"Sindinayendetsepo ndi thirela kupitirira Polokwane," anatero.

"Muphunzira."

Sosayiti ya maliro inamaliza za mapepala. Madalaivala anzake a Macdonald anathira dizilo. Palibe anafunsa chifukwa chake ndege yakanidwa, koma ena amene ankabwera tsiku lililonse anasiya kubwera, ndipo mzimayi wa pa kagolosale ka spaza anauza Consolata kuti anyamata awiri achilendo amafunsa tsiku lonyamukira.

M'mawa wa ulendowo bokosi linakwezedwa muthirela ya mwini wake, lopanda kanthu pamwamba. Pakona, pafupi ndi spaza, panaima galimoto yoyera ya magalasi akuda. Simunatsike munthu. Chikondwero ataliza baki, nayonso inalira.

"Tiyeni, alamu," anatero, maso ali pagalasi loonera kumbuyo.

"Dikirani."

Consolata anapereka Takondwa kwa mmodzi wa azimayi aja. Anazungulira kuthirela, anatsegula chitseko, n'kugwada pachitsulo chozizira. Anagogoda bokosilo pang'onopang'ono, ngati pakhomo pa eni ake.

Mayi wina wachikulire m'gulumo anagwira pakamwa. "Ndi mmene Macdonald anachitira ndi mtembo wa mwana wanga," ananong'oneza mnzake. "Sankamudziwa n'komwe. Koma anandifunsa dzina lake, n'kumamuuza njira yonse, mlatho uliwonse, kuti asasochere."

Consolata anagunditsa chipumi pathabwa.

"Bambo a Takondwa, ndine. Musadzidzimuke, akuyendetsa ndi Chikondwero. Pano tikutuluka mu Ivory Park. Tikafika pa Limpopo ndikuuzani."