Dzanja Loipa la Achimwene Anga a Reino

Mpikisano wolosera za hoke, masewero a pa madzi oundana, ndinauyambitsa ndine, m'sitolo yanga ya khofi ndi buledi, zaka makumi anayi zapitazo, ndipo masiku ano ndimati bola ndikanangogulitsa buledi wanga n'kukhala chete.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Malichi akafika, matimu asanu ndi atatu a makoleji a mu ligi yathu amalowa m'chipulula. Munthu amatenga pepala pakauntala n'kulemba amene apambane ndime yoyamba, yachiwiri, mpaka amene anyamule chikho. Ine ndimakhoma mapepalawo pakhoma kuti aliyense aziona, kenako ndimawachonga ndi cholembera chofiira. Wopambana amalandira buledi wotsekemera amene timati nisu, wautali ngati mkono, ndipo dzina lake ndimalilemba pa ndodo yakale ya hoke imene ili pamwamba pa chitseko. Basi, palibenso china. Koma anthu a m'tauni muno amalimbirana ngati ndikugawa nyumba.

Kuno aliyense ali ndi kamwambo kake pa nkhani ya hoke. Dale wa kupositi sachapa masokosi timu ikamawina, ndipo mphuno zathu zimadziwa tisanamufunse. Abusa athu amadya soseji imodzimodzi pampando umodzimodzi. Achimwene anga a Reino, amene anakalambira pa ntchito yokankha chipale chofewa m'misewu, analinso ndi kawo, koma kawoko kanali kachinsinsi: timu imene ankaifunira zabwino sankailemba. Zaka zitatu zoyamba za mpikisano analemba timu ya koleji yathu, ndipo zaka zitatu zonsezo inagwa. Chachinayi analemba adani chifukwa cha mkwiyo, yathu n'kutenga chikho. Mawa lake anandipeza kukhitchini.

"Aili, anyamatawa ndimawagwetsa ndine. Dzanja langali ndi loipa."

"Choipa ndi mutu wanu, achimwene. Tasunthani, mwatchinga uvuni."

"Usauze munthu. Ukangonena, zatha mphamvu. Lumbira."

Ndinalumbira manja ali mu ufa, uku ndikuseka. Anthu akaona pepala lawo ankawatcha mthirakuwiri, iwo n'kumangomwa khofi wawo ngati sakumva.

Anali ndi mwana mmodzi, Kurt. Mayi ake, a Marlene, anamwalira iye ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Dzinja lililonse a Reino ankathira madzi kuseri kwa nyumba mpaka aundane, n'kumuimika mwanayo pagolo ndi kumumenyera paki, kampira kaphwatalala ka hoke, mpaka zala zichite dzanzi. Ankamukonda, zimenezo ndikhoza kuimira umboni kulikonse, koma pakamwa pawo panali pouma. Mwana akatchinga makumi anayi n'kuphonya imodzi, mawu anali amodzi: "Ukanatseka miyendo."

Kurt anakula n'kukhala goloboyi wa koleji yathu. Chaka chake chomaliza timu inali yabwino, ndipo tauni yonse inailemba kuti itenga chikho, kupatula munthu mmodzi. Pepala la a Reino linati yathu ituluka ndime yoyamba. Ndinalikhoma pakati pa anzake monga mwa nthawi zonse. Ndikanatha kulibisa kuseri kwa makina a khofi, koma maganizowo sanandifikire n'komwe.

Lachisanu m'mawa, tsiku la masewero oyamba, Kurt analowa ndi anzake awiri kudzagula buledi. Mmodzi wa iwo ndiye analiona.

"Amwene, taona! Ngakhale madala ako akuti utigwetsa!"

Anzakewo anafa nazo kuseka. Kurt anaima nthawi yaitali akuwerenga, ngakhale panalibe zambiri zowerenga. Zaka zam'mbuyo ankati ndi nthabwala za bambo ake. Chaka chimenecho pagolo panali iye.

"Azakhali, alemba ndi ababa zimenezi?"

"Ndi dzanja lawo," ndinatero, n'kumukulungira buledi.

Mawu anga anali omwewo basi. Ndawabwereza mumtima kambirimbiri.

Timu inatenga chikho. A Reino anavina m'khitchini mwanga ndi majombo a ntchito, misozi ili mbwembwembwe. "Waona, Aili? Waona?" Koma pa phwando la kubwalo, anthu ali bwalala, Kurt anawayandikira chikho chili m'manja.

"Mwaphonya buledi, ababa. Pepani kuti ndakukhumudwitsani."

A Reino anatsegula pakamwa, anandiyang'ana, n'kutsekanso. Kenako anati, "Chigoli chachiwiri chija ukanachigwira."

Ndikanakhala ndi mpini pafupi ndikanawagogoda nawo. Kurt anangogwedeza mutu n'kubwerera kwa anzake, ndipo sukulu itatha anapakira katundu wake. Anakapeza ntchito yothandizira mphunzitsi wa hoke pa koleji ina ya ku Minnesota, ya mu ligi yathu yomweyi, imene kuno timangoti a Buluu. Ine ankanditumizira khadi pa Khirisimasi. Bambo ake sankawatumizira kanthu. A Buluu akabwera kudzasewera kwathu, a Reino ankakhala pamwamba penipeni, kuseri kwa chipilala, ndipo masewero akatha Kurt ankangolunjika m'basi.

Ndiye mukuganiza kuti munthu wamkuluyo anaphunzirapo kanthu? Malichi aliyense ankabwera, kutenga pepala, kulemba kuti a Buluu atuluka ndime yoyamba. Titayamba kuika mapepalawo pa intaneti, ndinkadziwa kuti Kurt akuwaona ali komweko.

"Muuzeni mwana, achimwene. Mufa nacho chinsinsi chopusachi."

"Ukufuna amuchotse ntchito? Aphunzitsi akaluza amathamangitsidwa, iwe sudziwa?"

"Nanga chaka chatha sanaluze? Munawalemba kuti aluza ndipo analuzadi."

"Akanaluza moipa kuposa pamenepo."

Munthu wotere ungamutani? Pa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri a Buluu anatenga chikho kawiri, ndipo a Reino ankawerengera ziwirizo, zinazo ayi. Koma ndisadziyeretse. Foni ndinali nayo, nambala ya Kurt ndinali nayo. Poyamba ndinkati si nkhani yanga. Kenako ndinkati ndinalumbira. Ndipo chaka chimene a Buluu anatenga chikho chachiwiri, ine yemwe, mayi wa kwaya ya kutchalitchi, ndinayamba kuopa kuti mwina n'zoona.

Chaka chino mu Febuluwale madokotala anati mapapo a a Reino atha, kwatsala masabata. Anawagoneka kunyumba yosamalira odwala kayakaya, m'chipinda choyang'ana msewu umene ankaukankha chipale. Tsiku lina adakali ndi mphamvu anandiuza kuti mnyamata amene akuyendetsa galimoto yawo yakale yokankhira chipale sadziwa kukhota. Kurt ndinamuuza za matendawo. Anati, "Ndamva, azakhali. Tili mkati mwa sizoni."

Mapepala atatuluka ndinawatengera lawo, ndi cholembera. Mphamvu zinali zitawathera, moti mzere umodzi unkawatengera nthawi yomwera kapu ya khofi. Atandibwezera ndinaona kuti pa ndime yoyamba alemba a Buluu. Pa yachiwiri a Buluu. Pa chikho a Buluu, ndi zilembo zazikulu zopendama.

"Mwalakwitsa, achimwene. Ndikupatseni lina."

"Sindinalakwitse. Ukalikhome pamwamba, poti aone."

"Nanga dzanja lija?"

Anapuma movutikira. "Ndikudziwa. Mwina chaka chino Mulungu ayang'ana kumbali. Ndikufuna aone kamodzi kokha kuti bambo ake anamulemba."

Ndinalira m'galimoto ndisanaliyatse. Munthuyu ankakhulupirira ndi mtima wake wonse kuti akuika ntchito ya mwana wake pamoto, komabe anasankha zimenezo kusiyana ndi kufa mwanayo akuganiza kuti sankamuyesa kanthu. Pepalalo ndinalikhoma pamwamba pa onse, ndipo pa intaneti ndinaliika loyamba. Dale atabwera ndi makalata analiyang'ana n'kuvula chipewa.

"Madala adwaladi," anatero.

A Buluu chaka chino anali pamwamba pa ligi, ndipo theka la tauni linawalemba. Ndime yoyamba imakhala ya masewero atatu, wopambana awiri n'kupitirira. Lachisanu analuza. Loweruka anawina, ndipo a Reino anadya phala theka la mbale. Lamlungu masana tinamvera limodzi pawailesi m'chipinda mwawo. Nthawi inatha zili ziwiri kwa ziwiri. Mu nthawi yowonjezera, pasanathe mphindi zitatu, wolengeza anakuwa dzina la timu inayo.

"Zimitsa," anatero a Reino.

Ndinazimitsa.

"Ndamupha mwana, Aili."

"Musayambe. Ndi masewero chabe. Inu muli pano, iwo ali ku Minnesota, dzanja lanu lafikako bwanji?"

Anatembenukira kukhoma. Patapita nthawi anafunsa ngati Kurt waimba. Ndinati ayi, ali ndi zambiri lero. Sanafunsenso.

Lolemba m'mawa, buledi woyamba ali mu uvuni, ndinamuimbira ndine.

"Kurt, pepa ndi za dzulo. Waliona pepala la bambo ako?"

"Azakhali, ndinasiya kuyang'ana zimenezo zaka khumi zapitazo. Ndikudziwa kale zimene amalemba."

Ndinakhala pa thumba la ufa. Zaka khumi! Munthu wachita chinthu chimene ankachiopa kuposa imfa imene inali pakhomo, ndipo amene anamuchitira sanachione n'komwe. Pamenepo lumbiro lija ndinaliponda. Ndinamuuza zonse, kuyambira zaka zitatu zoyamba zija, kuvina kwa majombo m'khitchini, chipilala cha kubwalo, mpaka zilembo zopendama za sabata yatha. Ndinkayankhula mokalipa, ngati wolakwa ndi iye.

Nditamaliza, Kurt anandifunsa.

"Ndiye inu munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Tsiku lija ndinakufunsani, azakhali. Ndinakuyang'anani kumaso."

"Ndikukumbukira."

Anadula. Buledi anapserera, ndipo ndinamutaya yense.

Kuchokera kumene Kurt amakhala kufika kuno ndi maola asanu ndi awiri. Anafika m'chipinda mwa bambo ake dzuwa lisanalowe, adakali mu jekete ya timu. Ine ndinali pampando pafupi ndi zenera, ndipo sanandipatse moni. Anaima kumiyendo kwa bedi, bambo wa imvi m'masaya, akupotokola makiyi a galimoto. A Reino anatsegula maso, anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Pepa," anatero. "Ndinakulemba."

"Ndamva, ababa."

"Ukanatenga chikho chaka chino. Ndakuwonongera."

Kurt anakoka mpando. "Ababa, taluza chifukwa goloboyi wanga sanatseke miyendo. Ndamuuza chaka chonse. Samva, ngati ine."

Pakamwa pa a Reino panagwedera ngati akufuna kuseka, koma anapukusa mutu. "Ndine."

Kurt anatambasula mkono kuti awagwire dzanja lamanja. Iwo anayesa kulibisa m'bulangeti, dzanja loipa lija, kuti lisamukhudze. Analibe mphamvu. Kurt analigwira ndi manja onse awiri ndipo sanalisiye. Ndinatuluka, chifukwa sindikanatha kuonerera.

Anayankhulana mwina mphindi khumi asanagone. Lachiwiri sanadzuke bwinobwino, ndipo Lachitatu m'mawa anatisiya. Ndikanakonda kunena kuti anapita mtima uli m'malo, koma mawu omaliza amene ndinawamva anali akuti, "Amuchotsa ntchito?" Ndinati ayi. Sindikudziwa ngati anandikhulupirira.

Titaika maliro, anthu anabwera kusitolo kudzamwa khofi. Mpikisano unali usanathe, mapepala adakali pakhoma, ndipo la a Reino linali ndi mizere yofiira kuyambira pamwamba mpaka pansi, chifukwa timu ikatuluka koyamba zonse zotsatira zimafa nayo. Anthu atachepa ndinapeza Kurt ataima pamenepo, malo omwe aja anaima ali mnyamata. Ndinakwera pa kampando kuti ndimuzulire.

"Tenga. Ndi lako."

"Ena aja ali kuti?"

"Ati?"

"Onse aja ankati ndiluza. Munasunga?"

Ine sinditaya pepala. Ndinalowa kuchipinda chakumbuyo, ndinafufuza m'makatoni chaka ndi chaka, n'kutuluka nawo khumi ndi asanu ndi awiri. Loyamba lija linali litachita chikasu, ndi kabowo ka msomali pamwamba. Anawaona limodzilimodzi, osafulumira, chala chikuyenda pa dzina la timu imene bambo ake analemba kuti imugonjetsa. Pa lachisanu kapena lachisanu ndi chimodzi anayamba kulira, kulira kwa munthu wamkulu kosatulutsa mawu. Anawasanja bwinobwino n'kuwaika mkati mwa jekete.

"Nanga ili?" ndinafunsa, ndidakali nalo m'manja.

"Libwezereni pakhoma, azakhali." Sanakalipe ayi. Anayankhula mofatsa, akumanga zipi. "Muziliona ndinu."

Ndinalibwezera. Wopambana chaka chino anali Dale, ndipo buledi wake ndinamupatsa. Mapepala ena onse ndinawazula mu Epulo monga ndimachitira. Pano ndi Juni, chipale chinasungunuka kalekale, Kurt sanaimbebe. Khoma lonse lili mbee kupatula pepala limodzi pamwamba, ndipo ndimaliona m'mawa uliwonse ndikamayatsa magetsi.