Ine Si Mlendo Wanu, Bambo a Nilda

Amuna anga a Zenobio anayendetsa abulu m'mapiri a kwathu kuno zaka makumi atatu ndi ziwiri. Ntchito yawo inali yonyamula katundu wa alendo odzaona mapiri: m'mawa kupasula matenti, kumangirira pa abulu, kuwapitirira alendowo panjira, kuti akamafika madzulo ali wefuwefu apeze tenti itaima, tiyi ali pamoto. Ine zaka zonsezo ndinkangomva m'makutu za Punta Unión, pampata wa pamwamba pa mapiriwo pamene njira imadutsa m'munsi mwa ayezi wosasungunuka. Changa chinali kuchapa masokosi amene apitako, basi.

Atagulitsa abulu chaka chatha, ndinawauza kuti tsopano anditengeko. Mwana wathu Nilda anatibwerekera zikwama ziwiri zobereka ku tauni ya Huaraz. Ndinakazinga chimanga, ndinakulunga tchizi m'nsalu, ndinatolanso mwala kuseri kwa nyumba, chifukwa pampata munthu safika chimanjamanja. Umasiya mwala wako pamulu wa miyala ya anzako amene anadutsa kale.

Chimene ndinkafuna chinali chimodzi: kukafika pamwambapo limodzi ndi mwamuna wanga, ngati banja. Ndipo mawondo anali atandiuza kale kuti ulendo wachiwiri sudzakhalapo.

Tsiku loyamba, ola lisanathe n'komwe, ndinangoona chipewa chawo chikuzimirira pokhota njira. Ndinayenda ndekha tsiku lonse, kucheza ndi ng'ombe za eni. Nditafika, tenti inali itaima kale, ndipo iwo anandichingamira ndi kapu, dzanja lina kumbuyo.

"Takulandirani, mayi. Tiyi wa masamba a koka uyu, amathandiza mutu."

"Mukulankhula ndi ndani?"

"Ndi inu, mayi a Nilda."

"Nanga bwanji simunandifunse ngati kwathu ku Jeremani kukuzizira?"

Iwo anaseka, ine ayi. Chinandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti chakudya chitapsa anandipakulira m'mbale, iwo n'kukadyera kuseri kwa mwala choimirira, monga ankachitira kuntchito.

Tsiku lachiwiri analumbira kuti sandisiya, koma miyendo yawo sinamve lumbirolo. Ndinalira panjira, sindibisa, ndipo inali misozi ya mkwiyo.

M'mawa wa tsiku lokwera pampata, iwo atapita kumtsinje kukatunga madzi, ndinasolola zitsulo za tenti ndi machesi m'chikwama chawo n'kulonga m'changa. Ananyamuka ndi liwiro lawo lija. Koma msana wa munthu wa abulu ndi sikelo. Pasanapite nthawi ndinawaona akubwerera.

"Mayi a Nilda, katundu wanga wapepuka."

"Thokozani Mulungu."

"Zitsulo zili kuti?"

"Zili kwa mwini tenti. Thamangani, mukaimike ndi zala. Moto mukayatse ndi maso."

"Mudzipweteka inu, n'zolemera zimenezo. Bweretsani kuno."

"Matumba a mbatata ankanditsitsira ndani kumunda, inu muli ndi azungu anu? Ine si mlendo wanu, bambo a Nilda. Mukandisiyanso lero nditsika, mwala uwu ndikaubwezera kuseri kwa nyumba, ndipo za phiri lanuli musadzandiuzenso."

Anabweza dzanja lawo. Kenako anakonza chipewa n'kuima pambali panga.

Kuyenda pang'onopang'ono kunawavuta iwo kuposa mmene chitunda chinandivutira ine. Mpweya unali utachepa, moti ndinkaponda kakhumi n'kuima, mtima ukugunda m'makutu. Ndikaima, iwo ankasowa chogwira. Ankakanda m'khosi, kukoka lamba wa chikwama, mpaka pomaliza anayamba kuyang'ana uku ndi uku. Chigawo cha ayezi chinathyoka kutsidya n'kugwa ndi mkokomo, fumbi loyera kuti tolo, ndipo bambo wamkulu anangoti kukamwa yasa.

"Kodi nyanja ili m'munsiyo mtundu wake ndi umenewu?"

"Mwadutsa pano kangati inu?"

"Kopitirira mazana atatu. Koma ndinkayang'ana zingwe ndi matako a abulu."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo."

"Nkhonoyo ndiye ndayenda nayo lero," anatero, ndipo ndinawamenya ndi ndodo yanga pachikwama.

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Mphepo inkaluma makutu, ayezi ali pafupi moti ndinkaona ming'alu yake yobiriwira. Ndinatulutsa mwala wa kuseri kwa nyumba yanga n'kuuika pamulu ndi dzanja langa. Ndinanyada, ndipo ndimanyadabe.

Nthawi yomweyo anatulukira a Crisanto, mnzawo wakale wa ntchito, akuthamangitsa abulu asanu.

"Iwe Zenobio! Si unati wapuma ntchito? Wamupeza kuti mlendo wovala chipewa cha kwathu? Ndiye wamusenzetsa zitsulo, nkhalamba yopanda manyazi iwe!"

"Chotsa abulu akowo, akutitchinga," anayankha amuna anga, mawu ali pamwamba kuti aliyense amve. "Awa ndi akazi anga, a Eusebia. Akwera ndi miyendo yawo, zitsulo zili kumsana. Ine lero ndabwera kudzaona."

A Crisanto anandivulira chipewa, koma sanaime. Abulu anali atatsetsereka kale, ndipo anawathamangira maso ali pazingwe.

A Zenobio anatula chikwama n'kuchita chimene anali asanachitepo pampata paja zaka zonsezo: anakhala pansi. Ndinatulutsa machesi, ndinayatsa kachitofu kathu ka paulendo kuseri kwa mulu wa miyala, ndinawiritsa madzi. Kapu ndinawapatsa ndi manja awiri.

"Takulandirani, bambo. Amathandiza mutu."

Anailandira. Sanapite nayo kuseri kwa mwala. Anasendera pang'ono kundipatsa malo, ndipo tinamwera kapu imodziyo mpaka tiyi anatha.