Kaputeni wa M'chipinda 14

Mwayiwathu anagwira ntchito zaka zitatu pa nyumba ina yosamalira okalamba ku Ilford, mumzinda wa London, asakudziwa kuti a Killian, mzungu amene ankamusambitsa m'mawa uliwonse m'chipinda 14, anali munthu wotchuka. Nkhalambayo inali itaiwala ngakhale dzina la mwana wake. Koma kale, kwa zaka pafupifupi makumi awiri, a Killian ankasewera pa TV ngati Kaputeni Orrin, woyendetsa chombo cha m'mlengalenga m'sewero lotchedwa Velmora. Seweroli linatha mu 1988, koma anthu olikonda sanaliiwale.

Mu 2006 eni ake analengeza kuti aliyambanso, ndipo kaputeni watsopano akhala mkazi. Okonda seweroli ena anakwiya ngati awalanda munda.

Lachiwiri lina masana kunabwera mwamuna wovala jekete yasiliva, maluwa ali m'manja. Anati dzina lake ndi Crispin, mphwawo wa a Killian. Wa pa desiki anali atapita kukadya, choncho Mwayiwathu anamulembetsa yekha n'kumulowetsa. Pobwera ndi tiyi anamupeza atagwada pambali pa bedi, kamera ataiyika pamphuno pa nkhalamba.

"Kaputeni, mukulola kuti mkazi atenge chombo chanu?" Crispin ankafunsa.

"Ayi, ayi, ayi!" a Killian ankalira. Umu ndi mmene ankayankhira chilichonse, ngakhale akamapatsidwa phala.

"Tulukani," anatero Mwayiwathu. "Mukuwaopseza."

Crispin anadzuka pang'onopang'ono. Anatembenuzira kamera kunkhope kwa Mwayiwathu, kenako anaitsitsa pa baji ya dzina imene inali pachifuwa pake, n'kutuluka akumwetulira.

Patapita masiku awiri manijala anaitanira Mwayiwathu mu ofesi n'kumuonetsa kompyuta. Kanema amene Crispin anajambula uja anali pa intaneti. Pansi pake analemba kuti Kaputeni akukana sewero latsopano, koma eni TV amutsekera m'nyumba ya okalamba, ndipo mlonda wawo ndi mkazi uyu. Dzina lake linali pamenepo, lonse. Anthu oposa mazana anayi anali atalembapo kale, ena akufunsa kumene amakhala.

"A Killian alibe mphwawo," anatero manijala. "Munalowetsa mlendo. Tiyenera kufufuza."

Pemiti ya Mwayiwathu yokhalira m'dzikomo inali ya ntchito imeneyi. Ntchito ikatha, kunali kulongedza.

Sabata yotsatira anthu anayamba kuima kutsidya kwa msewu, atatu, kenako khumi, onse a majekete asiliva ngati amene ankavala a m'chombo chija. Sankakuwa. Ankangoyang'ana mawindo. Mwayiwathu anayamba kutulukira kukhomo la zinyalala.

Lachisanu ataweruka shifiti ya m'mawa anakwera basi n'kukhala pafupi ndi dalaivala. Basi itangonyamuka anamva mawu kumbuyo kwake, akutchula dzina lake mopotoza.

"Mwa-yi-wa-thu. Ndatchula bwino?"

Anali Crispin, atakhala mpando wotsatira. Anayandikira moti mpweya wake unamufika m'khosi.

"Sitikufuna kukuvulazani. Mungotilowetsa kamodzi, Kaputeni alankhule ndi anthu ake. Mutsika pa siteji yachinayi, si choncho? Chitseko chobiriwira chija."

Mwayiwathu sanadziwe kuti watsika bwanji. Anangopezeka ali m'sitolo ya mankhwala, atabisala kuseri kwa mashelefu. Anaimbira mwamuna wake, Biswick, amene anali ku ntchito ku Lewisham, mbali ina ya London.

"Bambo a Fatsani, munthu wa kanema uja akudziwa pakhomo pathu."

"Uli kuti? Usachoke pamenepo. Uza mwini sitolo aimbire apolisi, ine ndikukwera sitima pompano."

"Apolisi akafunsa mapepala?"

"Mapepala ako ali bwino, Mwayi. Muuze aimbe!"

Anadikira mphindi makumi anayi. Nthawi yonseyo jekete yasiliva inkaoneka pagalasi, ikudutsa, ikubwerera. Apolisi pofika, Crispin sanathawe. Anawafotokozera mwaulemu kuti iye wakhala akuonera Velmora kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo palibe amene amakonda Kaputeni kuposa iye. Ankalankhula misozi ikutsika. Apolisi anamutenga, n'kumuchenjeza molemba kuti asadzayandikirenso Mwayiwathu.

Kuntchito kafukufuku anatha pa masabata atatu. Mwayiwathu anapatsidwa kalata ya chenjezo, ntchito sinathe. Koma mwana wa a Killian anabwera ndi ambulansi m'mawa wina n'kuwasamutsira kunja kwa London, kumalo amene sanauze aliyense. Powakweza, nkhalambayo inagwira dzanja la Mwayiwathu mwamphamvu, anachita kuimasula chala chimodzichimodzi.

Mwayiwathu ndi Biswick anasamukira ku Lewisham mwezi womwewo, ngakhale kuti ulendo wa kuntchito unatalika. Sewero latsopano linayamba kuonetsedwa mu Seputembala, ndipo anzake kuntchito ankati ndi labwino, kaputeni wamkaziyo anthu amukonda. Okalamba akamaonera m'chipinda chochezera, Mwayiwathu ankapempha kukapinda zovala. Mpaka chaka chinatha, m'basi ankakhala mpando wakumbuyo kwenikweni, msana uli kukhoma.