Galanti ya Pijo Yanga

Galimoto ija ndinaigula patatha zaka zitatu chitengedwereni amuna anga, a Hezron. Iwo anali mphunzitsi wamkulu kuno ku Nkhamanga. Tsiku lina m'mawa kunabwera Landirova, munatsika anthu atatu, n'kuwauza kuti avale nsapato. Basi. Mlandu wake palibe anandiuza.

Chichokereni Landirova ija, njira yobwera pakhomo panga inamera udzu. Ine Phyllis NyaKalua, namwino wa zaka makumi awiri ndi zisanu, amene ndinalandira ndi manja awa theka la ana a m'dera lino, anthu anayamba kundilonjera ndi maso okha. Kutchalitchi benchi yanga inkakhala yotakasuka ngati ndili ndi mphere. Sindiwada ayi, mantha ndi mantha. Koma zinkandiwawa, ndisaname.

Chinandikwiyitsa kwambiri ndi fodya amene ndinkalima, wofunika kupita ku msika. Eni malole akangomva kuti katundu ndi wa kwa Hezron, matayala awo ankatha pompo. Ndiye ndinati kaya, kuyendetsa ndinaphunzira kale ndili ku chipatala ku Khondowe, ndigule yangayanga.

Pa galaja ina ku boma la Rumphi ndinapezapo Pijo ya pikapu, yoyera, yakale koma yosamalika. Wondionetsa anali makaniko wa pamenepo, a Amock, munthu wa ku Dedza amene Chitumbuka chake chonse chinali "yewo", zikomo wathu wa kuno. Titagwirizana mtengo, anatulutsa pepala lotayipa.

"Mayi, ichi abwana abwera nacho kuchokera ku tauni, akuti galanti. Mukawonjezera ndalama, galimoto ikawonongeka m'chaka chimodzi timakonza ife, inu osalipiranso."

"Kuwonjezera zingati?"

Anatchula. Ndalama zake zinali zogula mbuzi zinayi.

"Aa! Ndilipire matenda amene galimoto sinadwale?"

"Katengeni mukaganize, mayi. Galimotoyi tikusungirani sabata imodzi."

Sabata imeneyo inanditalikira. Zinthu zotere ankaganiza ndi a Hezron, ine n'kumawatsutsa, kenako n'kuchita zimene ndanena inezo. Tsopano ndikanatsutsa ndani? Ndinawalembera kalata, ngakhale ndinkadziwa kuti makalata anga onse amangopita osabwerako yankho. Mwana wathu Nelly ali ku Lilongwe, mwamuna wake amagwira ntchito m'boma, ndipo anandipempha mwaulemu kuti ndisamalembe pafupipafupi. Ndinafika poika pepala lija patebulo moyang'anizana ndi mpando wa a Hezron, n'kufunsa mokweza kuti, "Nanga mukuti bwanji, ada?" Mpando uli chete, monga mwa mipando.

Lachisanu ndinavala magalasi n'kuwerenga pepala lonse, ndi timalemba tam'munsi tomwe. Ndi pamene ndinaona mzere uwu: "Galimoto ikafera paliponse m'boma lino, ngakhale pakhomo pa mwini wake, makaniko adzabwera komweko." Ndinauwerenga katatu mzerewo.

Nditabwerera ku galaja, a Amock anandikokera kuseri kwa lole ina n'kutsitsa mawu.

"Mayi, abwana asamve. Musataye ndalama zanu. Injini iyi ndinaimasula ndekha n'kuimanganso. Zaka zitatu siikuvutani."

"Ndakupemphani nzeru, a makaniko? Ndiyankheni ichi. Apa alemba kuti mudzabwera pakhomo. Mukudziwa kuti ndine mkazi wa ndani?"

Anapukuta manja pa ovolosi, nthawi yaitali ndithu.

"Ndikudziwa, mayi. Koma pepalali silikunena za amuna a munthu. Likunena za galimoto."

Ndinasaina, mbuzi zinayi zinapita.

Ndipo munthu uja sananame, tsoka langa. Pijo inanyamula fodya, inanyamula chimanga. Ndinapita nayo ku Hewe m'matope ofika m'maondo, inangodutsa. Ndinakwera nayo phiri la ku Khondowe nditadzaza matumba, ndikuti lero lokha ifa, koma ngakhale kutsokomola ayi. M'mawa uliwonse ndikangopotoza kiyi, vuu! Ndinkaitukwana kuti, "Iwe chigalimoto chopanda chisoni, anzako amafa pamsewu tsiku ndi tsiku, iwe unadya chiyani?" Miyezi isanu inatha choncho, pepala likungogona m'Baibulo.

Lolemba lina la mwezi wa Juni ndinaphika tiyi, ndinathira m'kapu yanga, ndipo ndinazindikira kuti chichokereni kutchalitchi dzulo lake sindinatsegule pakamwa, ndipo ngakhale kutchalitchiko ndinangoyimba. Ndinasiya tiyi uja, ndinatuluka, ndinatsegula boneti. Munali mawaya ambirimbiri. Ndinasankha wakuda wonenepa wapakati, n'kuukoka ndi mphamvu zanga zonse mpaka unazuka. Nditapotoza kiyi, injini inangolira osadzuka. Ine mayi wamkulu, wa chigwirizano cha amayi, ndinaseka ndekha ngati mwana wakuba shuga.

Ndinayenda wapansi mpaka ku positi ku Bolero kukaimba foni ku galaja. Anati Lachitatu. Lachiwiri ndinalambula njira yonse kuchokera ku msewu, ndinachapa nsalu ya patebulo, ndinaphika masikono.

Lachitatu cha m'ma teni ndinamva njinga yamoto ikukhota, kenako mawu pabwalo.

"Odi kuno!"

Abale, zaka zitatu ndi miyezi ndisanamve odi pakhomo panga. Ndinatuluka msanga. Ndinaona a kwa aneba atasiya kusinja, akusuzumira pa mpanda.

A Amock anatsegula boneti, anasuzumira, ndipo anangoima. Sipanala sanaigwire n'komwe. Anatola waya uja, anayang'ana kumapeto kwake kumene kunang'ambika, anayang'ana njira yolambulidwa ija, kenako anayang'ana ine. Manyazi amene ndinamva! Ndinakonzeka kukalipa, chifukwa ine manyazi akandigwira ndimakalipa. Koma iwo anangotulutsa kampeni, anasenda waya, anaulumikiza, n'kupotoza kiyi. Vuu! Ntchito yonse sinathe mphindi zisanu.

"Misewu yathuyi, mayi," anatero. "Imagwedeza zinthu."

"Eya, imagwedeza chomene. Tiyi wapsa kale, musandikanire."

Anayang'ana ku mpanda kuja, ndipo ndinaona kuti mantha ali nawo ngati wina aliyense. Kenako anavula chipewa n'kulowa. Anakhala pa mpando wa a Hezron osadziwa, ine sindinawaletse. Sitinakambe zazikulu ayi. Anandiuza za mbatata ya kachewere ya kwawo, za akazi awo amene sanazolowere mphepo ya ku Rumphi, za dzino limene limawavuta. Ine ndinalongolola ngati wailesi, mpaka ndinawafotokozera mmene amabadwira mapasa. Anadya masikono anayi.

Potsanzikana anandiitanira ku galimoto. Anagwada pansi pa chiwongolero n'kundionetsa kabokosi kakang'ono.

"Mayi, waya uja ndi wodula, ndipo ukang'ambikanso abwana adzafunsa mafunso. Koma onani aka, timati fyuzi. Aka kakachoka, galimoto siilira, ndipo palibe chimawonongeka. Kamachoka ndi zala ziwiri zokha." Anaimirira n'kusasa fumbi m'maondo, osandiyang'ana. "Lachitatu loyamba la mwezi ntchito imachepa ku galaja."

Ndinaima pabwalo mpaka kulira kwa njinga kunazilala cha ku msewu wa Bolero, ndipo pakhomo panabwerera zii wa masiku onse. Galanti inali itatsala ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndipo pepala linanena poyera kuti chaka chikatha salembanso lina. Ndinalowa m'nyumba kukatsuka makapu, ndipo anali awiri.