Ulusi Wofiira pa Ovolosi

Amene anamangitsa mwamuna wanga ndine. Anthu a ku Kasanda, komboni yathu kuno ku Kabwe, amalankhulira kumbali, koma ine ndikunena poyera, chifukwa kubisa kwanditopetsa.

Bambo a Fortunate, dzina lawo Kizito Zulu, anagwira ntchito pansi pa mgodi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Zaka zonsezo ovolosi yawo sinapondepo pakhomo pathu ili yakuda. Ankati fumbi la mtovu limapha ana nzeru, ndiye akaweruka ankasamba ku chenji hausi, nyumba yosinthiramo zovala pa mgodi, n'kupachika ovolosi pa msomali wawo, n'kubwera kunyumba ndi zovala zoyera ngati mphunzitsi. Anzawo ankawaseka. Vuto linali loti maovolosi onse n'ngofanana ndipo ankasowa. Ndiye atalandira yatsopano anabwera nayo isanavalidwe, ine n'kusokapo dzina lawo pa kolala ndi ulusi wofiira: K. ZULU. Ndinasoka mwaluso, nanga si ndinaphunzira kwa masisitere.

Mgodi unatsekedwa mu Juni 1994. Tsiku lomaliza anzawo anatenga chilichonse chonyamulika, zipewa, majombo, ngakhale sopo. Anga anasamba, n'kupachika ovolosi pa msomali monga mwa masiku onse, n'kubwera chimanjamanja. Ndinawakalipira.

"Inu, nsalu yolimba ija mwasiyira ndani?"

"Amake Fortunate, fumbi limene ndalikana zaka zonsezi ndilibweretse lero?"

Ndinangoti chabwino, mutu ndi wanu.

Kenaka anthu anayamba kubalalika. Nyumba yoyandikana nafe inatsekedwa, ina inagulitsidwa, magalimoto ankanyamula mipando kupita ku Petauke, ku Chipata, ku Mansa. Otsala anayamba kufukula zotsalira za mgodi. Chenji hausi inathyoledwa chitseko mwezi usanathe, aliyense ankalowa ndi kutuluka ngati pamsika.

Lamulungu lina mu Okutobala, ine ndi Fortunate tili ku Misa, anthu atatu anadula mawaya a kopa kuseri kwa mgodi. Mlonda, a January, anawapeza, iwo n'kumutema pamutu. Pothawa, mmodzi anakodwa pa waya wa mpanda n'kuvula ovolosi, kuisiya ikulendewera. Mwamuna wanga tsikulo anali kunyumba yekha, atagona, akudwala chifuwa. Yekha, popanda ngakhale nkhuku yomuona.

Lachiwiri kunabwera wapolisi, mnyamata waulemu ndithu, atanyamula pulasitiki. Anga anali atapita ku chipatala. Anandipeza ndikuchapa.

"Ba mayo, chovala ichi muchidziwa?"

Anatembenuza kolala. Mayo ine! Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, ndinaganiza kuti boma latibwezera katundu wathu.

"Ndi ya amuna anga! Ndinasoka ndine, onani mmene Z anakhotera."

Analemba zonse. Anandiuza kuti ndisayine, ndinasayina. Ndinamupatsanso madzi akumwa, chitsiru ine.

Madzulo ake apolisi anabwera kudzawatenga amuna anga. Ku polisi anawaimika pamzera ndi anthu ena asanu, onse anyamata a pa siteshoni ya basi, wachikulire anali iwo okha. A January anali atauzidwa kale kuti mwini ovolosi wagwidwa. Munthu anamenyedwa cha kumbuyo, bandeji kumutu, maso otupa, mukuti akanaloza ndani?

Ku khoti anga ananena zoona zokhazokha. Ovolosi ndi yanu? Inde. Munali kuti? Kunyumba. Ndi ndani? Ndekha. Anafotokoza za msomali, za fumbi, za ana. Woimira boma anaseka n'kufunsa kuti ndi munthu wotani wochotsedwa ntchito amene angasiye chovala chabwino pa msomali. Khoti lonse linaseka, ndipo ine ndinakumbukira kuti funso lomwelo ndinalifunsa ndine. Loya amene anatipatsa anali ndi milandu mulu, anawaona kamodzi kokha, pakhonde, kwa mphindi zosakwana khumi. Palibe anapita kukaona chenji hausi yopanda chitseko ija. Anawapatsa zaka khumi ndi zisanu.

Munthu mmodzi akanawapulumutsa: a Petson Daka, amene ankasunga makiyi a chenji hausi. Iwowo anaona ovolosi ikupachikidwa tsiku lomaliza, anawasekanso kumene. Koma a Petson anali atakwera lole kale, kumudzi kwawo sitinkakudziwa. Loya anati akapezeka, apilo ikhoza kutheka.

Ndinayenda, abale. Komboni ya Katondo yonse, ya Kamushanga yonse, wapansi, kufunsa khomo ndi khomo za kwawo kwa a Petson. Ena ankandiona ndili patali n'kulowa m'nyumba. Amayi a ku Mphakati wa kutchalitchi kwathu amene tinkaimba nawo anayamba kusiya mpata pa benchi. Fortunate ndinamutumiza kwa mchemwali wanga ku Lusaka, poti kusukulu ankamutcha mwana wa wakuba. Ndinatsala ndekha m'nyumba ya zipinda zitatu, ndikuphika kamphika kamodzi, kulankhula ndi wailesi. Ndinasungulumwa, sindinama.

Bambo mfumu anandithandiza kulemba makalata ku maparishi asanu ndi awiri a kum'mawa. Patapita chaka ndi miyezi inayi yankho linabwera kuchokera kufupi ndi Katete, lolembedwa ndi katekisiti. Linati: A Petson tinawaika m'manda mwezi wa Disembala, chifuwa. Mulungu akulimbitseni.

Za kalatayo amuna anga sindinawauze. Loweruka lotsatira ndinapita kundende ndi juzi imene ndinawalukira, poti chisanu cha Kabwe sichicheza ndi munthu wa chifuwa. Anali ataonda, khosi ngati la nkhuku yonyowa. Anafunsa za Fortunate, kenaka anafunsa zomwe ankafunsa nthawi zonse.

"Za a Petson, pali chamveka?"

"Tikadali kufufuza."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono. Zaka makumi awiri muli pabanja, bodza lako mnzako amalimva ngati fungo.

Msilikali wa pageti anatambasula juzi ija, kuipisa m'manja ndi m'khosi, n'kundibwezera.

"Amayi, muno zinthu zimasowa. Mukasokepo dzina lawo, mubwere nayo sabata ya mawa. Popanda dzina mawa lomwe ivalidwa ndi wina."

Ndinabwerera nayo. Singano ndili nayo, ulusi wofiira uja unatsalako theka la mpukutu. Lero ndi Lachinayi, juzi ili pa tebulo, kunja kukuzizira, ndipo manja anga akukana.