Siteshoni Imodzi Imene Ndinakana

Pamalire pa Mwanza aliyense amadziwa kuti amake Laston a manachesi sachotsera mtengo. Madalaivala a mathiraki amabwera ndi Chingerezi chawo, ena ndi Chipwitikizi, ine mtengo wanga uli pomwepo. Wina akachoka mokwiya ndimangoyang'ana kumbali, chifukwa ndimadziwa kuti abwerera yekha. Khalidwe limeneli landilerera ana anayi. Koma ku Ulaya linandidyera tsiku limodzi limene mpaka lero limandiwawa.

Amene anandiitana kumeneko ndi Luwiza, mnzanga wa ku Zobue. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki anathawira kwathu kwa Nthache ali ndi kamwana kumbuyo, dzina lake Anne. Ndinamupatsa khitchini yanga kuti azigonamo, ndipo anakhala nafe zaka zisanu ndi ziwiri. Anne anakulira limodzi ndi Laston wanga, atakula n'kukwatirana. Kenako mlongo wake wa Luwiza anawaitanira ku Portugal, mayi ndi mwana, Laston n'kuwalondola. Ukwatiwo unakathera komweko. Laston anangonyamula chikwama n'kutuluka m'nyumba ya apongozi ake osatsanzika. Ine ndinali nditatha zaka zisanu ndi zitatu osaona nkhope yake.

"Asewere, bwerani ndidzakuoneni maso angawa asanathe," anatero Luwiza pafoni. Anne ndi amene anayendetsa zamapepala ndi tikiti. Anandipatsa masabata atatu.

Pabwalo la ndege ndinapeza Luwiza atakalamba, atavala chijasi ngati mlonda wa kubanki. Tinakumbatirana, tinalira, koma maso anga anali kumbuyo kwake. Kunali Anne yekha.

Iwo amakhala ku Amadora, kunja pang'ono kwa mzinda wa Lisboa, m'nyumba zosanjikizana, m'mwamba kwambiri moti munthu wapansi amaoneka ngati nyerere. Kulibe tambala, kulibe wokuwa kuti odi. Anthu amakumana m'chikepe n'kumayang'ana nsapato zawo. Luwiza ankandifunsa za kumudzi osatopa: ngati mtengo wa bwemba wa kuseri kwa khitchini ukadalipo, ngati msika wa Thambani ukadzazabe, ngati a Zakeyu okonza njinga akadali moyo. Ndikati anamwalira, ankafunsanso za wina.

Tsiku lachitatu ndinatopa nazo.

"Nanga mwana wanga akubwera liti kudzandilonjera?"

Luwiza anayang'ana Anne, Anne anayang'ana pansi.

"Muno sangalowe, asewere," anatero Luwiza. "Akuchita manyazi ndi ine. Akuti inuyo mupite mumzinda, akakuchingamirani ku Rossio, kumene sitima imathera. Ndi kufupi ndi kumene akumanga."

"Ine? Ndakhala m'mwamba tsiku lathunthu miyendo itatupa ngati maungu, ndiye ndikayambe kusakasaka mwana amene ndinabala ndekha? Kwathu mlendo akafika amakhala pansi, ana ndi amene amabwera kudzagwada. Muuzeni abwere."

"Bwanji mulankhule naye nokha pafoni, amayi," anatero Anne.

"Foni ndinkalankhula nayo ndili ku Mwanza. Pano ndikufuna miyendo yake."

Ndiye mkazi amene anasiyidwa uja ndi amene anasanduka mthenga. Akaweruka kuntchito kwake kosamalira nkhalamba, ankatuluka pakhonde n'kumuimbira Laston, kenako n'kubwera ndi yankho. Sabata yoyamba inatha yankho lili limodzimodzi: iye pakhomo la apongozi safika. Ine ndinati chabwino, tidikirana.

Sabata yachiwiri Anne anatenga kalendala yakale n'kujambula kumbuyo kwake madontho asanu ndi limodzi pamzere. Kuwerenga sindidziwa kwenikweni, sukulu ndinalekezera Sitandade 2, koma milu ya manachesi ndimaiwerenga bwino.

"Pano ndi Amadora, pamene tili," anatero. "Apa Reboleira, apa Damaia, apa Benfica, apa Campolide. Kumapetoku ndi Rossio. Lero akuti atha kubwera mpaka Campolide."

Wayamba kutsika, ndinatero chamumtima.

"Umuuze kuti khomo ndamuchotsera. Afike pasiteshoni ya Amadora pansipa."

M'mawa mwake yankho linabwera lakuti Benfica. Ine ndinati Reboleira.

"Asewere," anatero Luwiza akusenda mbatata, "mwanatu si nachesi. Mukutsatsa chiyani apa?"

"Inu khalani chete. Mukanakhala olimba ngati ine bwenzi mkamwini atatuluka m'nyumba mwanu ngati mbuzi yodula chingwe?"

"Ine wanga ndimamuona tsiku lililonse. Inu wanu mwamuona?"

Ndinapita pazenera. Kuchokera pamenepo njanji imaoneka bwinobwino, ndipo sitima zimadutsa pafupipafupi ngati makabaza tsiku la msika. Ndinkayang'ana amuna otsika, makamaka akuda, kufunafuna kayendedwe kake. Laston amayenda mopendekera kumanzere ngati bambo ake. Kawiri konse ndinadzuka pampando, koma sanali iye.

Loweruka lomaliza Anne anabwera kuchokera pakhonde nkhope ili yotopa.

"Amayi, akuti Benfica, mawa. Lamulungu sagwira ntchito, ndiye mukhala naye tsiku lonse. Akuti akakuyendetsani mukaone mtsinje waukulu. Damaia sangafike, ndi kumene kuli tchalitchi chathu, anthu onse akumudziwa ndi zimene anachita."

"Damaia," ndinatero.

"Amayi, pasitima ndi mphindi ziwiri zokha."

"Ngati ndi ziwiri, aziyende iyeyo. Ine ndachoka pakhomo, ndachoka pa Amadora, ndachoka pa Reboleira. Umuuze kuti pamenepo ndamaliza, usamuimbirenso."

Ndinkadziwa zimene ndikuchita. Wogula akatsala pang'ono chonchi umamutembenukira msana, ndiye amakuitana yekha.

Lamulungu ndinasamba mmamawa, ndinavala chilundu changa chatsopano ndi mpango wake, n'kukhala pafupi ndi foni ya Anne. Luwiza anapita kutchalitchi yekha. Atabwerera anandipeza pomwepo.

"Mutu wanuwu ndi mwala, asewere."

"Aimba. Dikirani muone."

Chakudya chinazizira pambale. Sitima zinadutsa, zopita ndi zobwera. Dzuwa linachoka pazenera n'kupita kuseri kwa nyumba zinazo. Foni sinalire. Lolemba sinalire, Lachiwiri sinalire. Ndege yanga inali ya Lachinayi. Ndinayamba kumuona Laston paliponse m'maganizo: ali wamng'ono akundithandiza kusanja milu pamalire, akudya nachesi limene ndamuletsa, madzi ake akutsikira m'chigongono.

Lachitatu ndinamupeza Anne akuvala yunifolomu.

"Iwe Anne, pempha tchuthi. Undiperekeze."

"Kuti, amayi? Ku Damaia?"

"Kumene ali."

Luwiza anatsegula pakamwa, ndinamuloza chala, anatseka.

Musitima ndinkawerenga madontho aja ndi zala. Titanyamuka pa Damaia ndinawerama kuti ndikonze lamba wa nsapato. Podzuka, Anne anati, "Pano ndi pa Benfica." Ndinayang'ana panja. Panali mabenchi, chitini cha zinyalala, ndi mayi wina akukankha mwana pakangolo. Basi.

Ku Rossio tinatuluka m'chigulu cha anthu, tinakwera kamsewu ka miyala mpaka pa chinyumba chakale chimene anachizinga ndi zitsulo ndi maukonde. Anne analankhula Chipwitikizi ndi mzungu wina wapachipata, kenako anandigwira dzanja.

"Atsika nthawi ya nkhomaliro. Ine ndikakudikirani kusiteshoni."

Ndinaima pamenepo ola lathunthu, ine amene sinditha kudikira ngakhale minibasi. Kenako amuna anayamba kutsika, onse oyera ndi fumbi, onse ovala zipewa zolimba zachikasu. Wina anapendekera kumanzere.

Atandiona anaima. Anavula chipewa, anabwera pang'onopang'ono, n'kugwada pamiyala pomwepo, azungu akumulambalala ndi makamera awo. Anaomba m'manja katatu.

"Mwayenda bwanji, amayi? Kumudzi mwasiya kuli bwanji?"

Ndinali nditakonza mawu masabata atatu. Za Anne, za Luwiza, za manyazi amene anandiveka. Onse anathawa.

"Dzuka. Wayamba imvi iwe."

"Ndi simenti, amayi."

Ndinanyowetsa chala ndi malovu n'kupukuta pafupi ndi khutu lake. Sizinachoke.

Tinakhala pamasitepe a nyumba ina. Anatulutsa buledi wothira nsomba zam'chitini, anamunyema pakati, chachikulu n'kundipatsa. Manja ake anali ong'aluka kuposa anga. Anafunsa za alongo ake mmodzimmodzi, za manda a bambo ake ngati timalambulako, za mitengo ya manachesi imene anabzala asanachoke. Ndinati yabereka mpaka nthambi kuthyoka. Anatseka maso.

"Lamulungu ndinakhala pa Benfica kuyambira mmawa mpaka dzuwa kulowa," anatero. "Ndinati mwina musintha maganizo."

Ndinaika buledi uja pamiyendo.

"Nanga osaimba bwanji, chitsiru iwe?"

"Ndimakudziwani, amayi. Ndikanaimba mukanati Reboleira."

Ndinamumenya paphewa, fumbi linabuka. Tinaseka tonse, koma kuseka kwanga kunakhota panjira, ndinabisa nkhope mumpango.

"Ubwera liti kumudzi?"

"Mapepala anga anasokonekera ukwati utatha. Ndikatuluka muno sindingalowenso. Ndikuyesa kukonza."

"Chaka chamawa, nyengo ya manachesi."

"Sindingalonjeze, amayi."

"Chabwino, zaka ziwiri."

Anayang'ana chipewa chake.

"Zitatu, Laston. Ndakupatsa zitatu. Kapena unene wekha, ine ndivomera."

Mzungu wapachipata uja anakuwa dzina lake. Laston anaimirira, anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, anatsitsa bondo pang'ono.

"Muyende bwino, amayi. Mukawauze apongozi kuti ndamva manyazi. Ndi Anne yemwe."

"Ukawauze wekha. Uli ndi pakamwa."

"Ndiyesa."

Anavala chipewa n'kulowa. Ndinamutsatira ndi maso akukwera makwerero, nsanja yoyamba, yachiwiri. Pa yachitatu analowa kuseri kwa ukonde wobiriwira, ndipo potulukira mbali inayo panali zipewa zinayi zofanana. Ndinasankha chimodzi n'kumachiyang'ana, osadziwa ngati n'chake. Ndinali ndikadaima pomwepo, khosi lili m'mwamba, pamene Anne anatopa kudikira n'kubwera kudzanditenga.